MLANDU SUWOLA: ZA UFULU WA ANTHU WOONA ZIKALATA ZA M'MAKHOTI



Tikukulemberani kalata ino pa nkhani imene poyamba ingaoneke ngati ya kutali ndi moyo wathu wa tsiku ndi tsiku, pakuti ikukhudza makhoti a dziko la America ndi njira imene anthu a kumeneko amawerengera zikalata za milandu kudzera pa intaneti. Taisankha mwadala. Kwa zaka zoposa 30 dziko limeneli lakhala likulimbana ndi funso limene nafenso tiyenera kuliyankha: kodi zolembedwa za m'bwalo la milandu mwini wake ndani? Oweruza kodi, maloya kodi, kapena anthu wamba amene msonkho wawo umalipira oweruzawo ndi kumanga mabwalowo?

Makolo athu funsoli analiyankha kalekale. Mlandu wa m'mudzi unkazengedwa pabwalo, pansi pa mtengo, dzuwa likuswa mtengo. Wodandaula ankanena zake, woimbidwa mlandu ankayankha, mboni zinkalankhula anthu onse akumva, ndipo amfumu ndi nduna zawo ankagamula pamaso pa khamu lomwelo. Mudzi wonse ndiwo unali kaundula wa mlanduwo, n'chifukwa chake akuluakulu ankati mlandu suwola. Lero milandu ikuluikulu imayenda pa mapepala. Zambiri zimene zimachititsa kuti munthu apambane kapena agonje zimalembedwa ndi maloya, n'kuperekedwa kwa kalaliki wa khoti, ndipo m'bwalo zimangotchulidwa mwachidule. Munthu angathe kukhala m'khoti tsiku lathunthu koma osamva chenicheni cha mlandu ngati sanaone mapepalawo. Motero pamene tikunena kuti chilungamo chizichitika poyera, masiku ano tikunenanso za mafaelo.

Momwe zinthu zimayendera ku America

Dziko la America lili ndi makhoti a mitundu iwiri. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi makhoti ake, ndipo pambali pa amenewa pali makhoti a boma lalikulu, amene amazenga milandu yokhudza malamulo a dziko lonse. Makhoti oyambirira a boma lalikulu alipo 94, makhoti a apilo alipo 13, ndipo palinso makhoti apadera oona za anthu ndi makampani amene alephera kubweza ngongole. Mu 1988 akuluakulu oyendetsa makhotiwa anayambitsa ndondomeko yotchedwa PACER, kuti munthu azitha kuona za milandu pa kompyuta popanda kupita ku ofesi ya kalaliki. Poyamba inali ya anthu ochepa okhala ndi zipangizo, koma intaneti itafala, pafupifupi chikalata chilichonse choperekedwa m'makhotiwa chinayamba kupezeka kwa aliyense amene walembetsa: chisamani, yankho la woimbidwa mlandu, mfundo za maloya, malamulo amene woweruza wapereka mlandu uli m'kati, mpaka chigamulo.

Ichi ndi chinthu chachikulu, ndipo tiyenera kuchiyamikira tisanatchule zofooka zake. Faelo ya papepala ili ndi malo amodzi, ndipo ikasowa ndiye kuti yasowa. Munthu mmodzi akhoza kuibisa m'kabati, kuchotsamo tsamba, kapena kungonena kuti bwana wapita nayo. Chikalata chimene chalowa mu kompyuta, tsiku lake n'kulembedwa, anthu zikwizikwi n'kuchiona, n'chovuta kuchisowetsa. Khoti Lalikulu la dzikolo linavomereza mu 1978 kuti anthu ali ndi ufulu woona ndi kukopera zolembedwa za m'makhoti, ngakhale kuti ufuluwo uli ndi malire ake, ndipo mu 1980 linagamulanso kuti milandu yaupandu iyenera kuzengedwa anthu ndi atolankhani akuonerera. PACER inachititsa kuti ufulu umene unali m'mabuku ufike m'manja mwa munthu wokhala kutali ndi khoti.

Mtengo wa tsamba limodzi

Vuto linabwera ndi ndalama. Kuwerenga zikalatazi pa intaneti n'kolipira. Mtengo unali masenti 7 pa tsamba, mu 2005 unakwera kufika pa masenti 8, ndipo mu 2012 unafika pa masenti 10. Chikalata chimodzi sichipitirira madola 3 ngakhale chitalike bwanji, koma malire amenewa sagwira ntchito pa zolembedwa za mawu onse olankhulidwa m'khoti, zimene nthawi zina zimakhala masamba mazanamazana. Ngakhale kungofufuza dzina la munthu kapena la kampani kumalipiritsidwa, olo makinawo ayankhe kuti sanapeze kanthu. Zigamulo za oweruza n'zaulere, ndipo amene wapita yekha ku khoti amawerenga pa makompyuta a kumeneko osalipira. Kuyambira mu 2020, amene ngongole yake siinapyole madola 30 pa miyezi itatu amakhululukidwa.

Wina anganene kuti masenti 10 si kanthu. Kwa kampani ya maloya si kanthudi. Koma taganizirani mtolankhani wa kanyuzipepala kakang'ono amene akufuna kudziwa ngati kampani ina yakhala ikusumiridwa mobwerezabwereza chifukwa chobera antchito ake, kapena wophunzira amene akufuna kuona ngati woweruza wina amapereka zilango zowawa kwa anthu akuda kuposa azungu pa mlandu wofanana. Mafunso otere sayankhidwa ndi chikalata chimodzi. Amafuna kuwerenga milandu mazana kapena zikwi, ndipo pamenepo masenti aja amasanduka mpanda. Chodabwitsa n'chakuti mafunso amene amatsekeredwa kunja kwa mpandawo ndi omwewo amene amathandiza anthu kuyesa ngati makhoti akugwira ntchito mokomera onse.

Mu 2002 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lonena kuti makhoti azilipiritsa anthu pokhapokha pamene pakufunikadi, kuti ndondomekoyi iziyenda. Komabe ndalama zotoleredwa zinapitirira kukwera mpaka kupyola madola 140 miliyoni pa chaka, pomwe mtengo wosungira zinthu mu kompyuta unali kutsika chaka ndi chaka. Mu 2016 mabungwe atatu omwe si aboma, limodzi mwa iwo loyimira asilikali opuma, anasumira boma ponena kuti anthu akulipiritsidwa mopyola zimene lamulo limalola. Taonani kuvuta kwake kwa mlandu umenewu: makhoti ndiwo ankaimbidwa mlandu, ndipo khoti lomwelo ndilo linayenera kuweruza. Mu 2018 woweruza Ellen Segal Huvelle anagamula kuti gawo lina la ndalamazo, pafupifupi madola 200 miliyoni, linagwiritsidwa ntchito pa zinthu zosaloledwa, monga kugulira zipangizo za m'zipinda zozengeramo milandu. Khoti la apilo linagwirizana naye mu 2020. Pamapeto pake boma linavomera kubweza madola 125 miliyoni, ndipo khoti linavomereza mgwirizanowu mu 2024.

Palibe amene ananena kuti oweruza anaika ndalamazo m'matumba mwawo. Zinagula zinthu zothandiza. Koma ife tikuona kuti phunziro lagona pomwepo. Ofesi ya boma ikangopeza kuti ufulu wina wa anthu ukhoza kuibweretsera ndalama, imayamba kudalira ndalamazo, ndipo posakhalitsa imayamba kuteteza chikhomo cha ndalama m'malo moteteza ufulu uja. Akuluakulu a makhoti ankati akachotsa malipiro, ndalama zoyendetsera makompyuta zichokera kuti? Funsoli n'loona, koma yankho lake lili ku Nyumba ya Malamulo, kumene bajeti imakambidwa poyera. Bilu yofuna kuti zikalatazi zikhale zaulere inadutsa m'nyumba yaing'ono ya aphungu mu December 2020, koma siinafike pokhala lamulo. Tikuyamikira kuti woweruza anatha kugamula motsutsa nthambi yake yomwe. Kwathu kuno timati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma apa zinaoneka kuti nthawi zina amapheka, mkhate osasweka.

Anthu ena sanadikire aphungu. Mu 2008 makhoti anayesa kupereka PACER mwaulere m'malaibulale 17. Mnyamata wina wa zaka 21, Aaron Swartz, mogwirizana ndi Carl Malamud amene wakhala akumenyera nkhondo kuti zolembedwa za boma zikhale zaulere, anagwiritsa ntchito mwayiwu n'kukopera masamba pafupifupi 20 miliyoni. Makhoti anaimitsa ndondomeko yaulereyo nthawi yomweyo, apolisi a FBI anafufuza, koma sanamuimbe mlandu uliwonse, pakuti zikalata zimene anakopera zinali kale za anthu onse. Chaka chotsatira, mu 2009, akatswiri a pa yunivesite ya Princeton anakonza pulogalamu yotchedwa RECAP, limene ndi dzina lomwe lija la PACER kuliwerenga chobwerera. Munthu mmodzi akagula chikalata, pulogalamuyi imachisunga pamalo pamene ena onse angachiwerenge osalipira. Bungwe la Free Law Project ndilo linapitiriza ntchitoyi, ndipo zikalata mamiliyoni ambiri zinasonkhanitsidwa mwa njira imeneyi, ngati mmene anthu a m'mudzi amasonkherana chimanga cha pamaliro.

Kutsegula khomo kuli ndi zoopsa zake

Tisanamizane kuti kuika zonse poyera kulibe vuto. Pamene Malamud anayamba kuwerenga zikalata zija, anapeza kuti zambiri zinali ndi manambala achinsinsi a nzika, amene mbava zimagwiritsa ntchito potenga ngongole m'dzina la munthu wina, ndipo analembera makhoti kuwadziwitsa. Malamulo oletsa zimenezi analipo kale kuyambira mu 2007: chikalata chizionetsa manambala anayi otsiriza okha, chaka chobadwa popanda tsiku ndi mwezi, ndipo mwana azitchulidwa ndi zilembo zoyambirira za dzina lake basi. Koma lamulo linalipo, olitsata ndiwo anali ochepa, ndipo zinaululika chifukwa chakuti munthu wakunja anawerenga. Mu 2021, akuba a pa intaneti atathyola makompyuta a nthambi zingapo za boma, makhoti analamula kuti zikalata zachinsinsi kwambiri ziziperekedwa pa mapepala kapena pa zipangizo zosalumikizidwa ku intaneti.

Pali kusiyana pakati pa faelo yosungidwa mu ofesi ya kalaliki ndi faelo yopezeka pa foni ya aliyense. Mayi amene anagwiriridwa, mwana amene makolo ake akulimbirana, mboni imene yaulula gulu la zigawenga, munthu amene anaimbidwa mlandu n'kupezeka wosalakwa, onsewa ali ndi ulemerero wawo umene chidwi cha anthu sichiyenera kuupondereza. Chimene tikutsutsa ndi kugwiritsa ntchito anthu ofookawa ngati chishango cha anthu amphamvu. Chikalata chikabisidwa, woweruza anene poyera chifukwa chake, ndipo chibisidwe chokhacho chimene chingavulaze munthu. Kuchita manyazi kwa nduna kapena kwa kampani yolemera si chifukwa chokwanira.

Zimene anansi athu a ku Mozambique anaphunzira ku Brooklyn

Tsopano tifike pa chifukwa chimene nkhaniyi siili kutali monga ikuonekera. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma la Mozambique, Proindicus, EMATUM ndi MAM, anatenga ngongole zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, ati zogulira mabwato ophera nsomba ndi olondera nyanja. Boma linalonjeza kuti lidzabweza ngongolezo makampaniwo akadzalephera, koma Nyumba ya Malamulo siinavomereze, ndipo gawo lalikulu linabisidwa kwa anthu. Zitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya dzikolo ya metical inagwa, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Mlimi wa ku Angónia ndi mayi wogulitsa tomato mumsika wa ku Tete, amene amalankhula chinenero chomwe tikulemberachi, analipira ngongole ya mabwato amene sanawaonepo, mabwato amene ambiri anachita dzimbiri padoko la Maputo.

Chifukwa ndalama zina zinadutsa m'mabanki a ku America, mlandu unatsegulidwa m'khoti la boma lalikulu ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma pamene ngongolezo zinkatengedwa, anamangidwa ku Johannesburg mu December 2018. Anthu atatu amene ankagwira ntchito ku Credit Suisse anavomera milandu. Jean Boustani, wa kampani yopanga mabwato ya Privinvest, anazengedwa mlandu mu 2019 ndipo anapezeka wosalakwa. Komabe m'kati mwa mlandu wakewo munatuluka makalata a pa intaneti ndi zikalata za kubanki zoonetsa mmene ndalama zinayendera, ndipo atolankhani ndi mabungwe a ku Mozambique anazitenga n'kuzifalitsa kwawo. Anthu anamva zambiri zokhudza chuma chawo kuchokera ku khoti la dziko lachilendo, chifukwa kumeneko lamulo silinkalola kuti umboni wa pamlandu ukhale chinsinsi cha akuluakulu. Chang anatumizidwa ku America mu July 2023, anapezeka wolakwa mu August 2024, ndipo mu January 2025 analamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, khoti litamva kuti analandira ziphuphu za madola 7 miliyoni.

Tisaiwale kuti dziko la Mozambique nalo linazenga mlandu wake, kuyambira mu August 2021, m'tenti imene inamangidwa m'bwalo la ndende ina kufupi ndi Maputo, ndipo anthu ankaonera pa wailesi yakanema. Mu December 2022 anthu angapo anapezeka olakwa, kuphatikizapo mwana wa mtsogoleri wakale Armando Guebuza, amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 12. Ife tikukhulupirira kuti zimene zinaululika ku Brooklyn zinachepetsa mpata woti nkhaniyi ikwiriridwe. N'zomvetsa chisoni komabe kuti munthu wosauka azidikira makhoti a kutsidya kwa nyanja kuti amuuze za ndalama zake. Ndipo taonani kuti amene ankalipira masenti 10 aja pofuna kuwerenga za mlanduwu sanali maloya a ku New York okha. Kwa mtolankhani wolandira malipiro ake m'ndalama ya kuno kwathu, madola 3 pa chikalata chimodzi si nthabwala.

Nanga kwathu kuno?

Ife Amalawi tinalawako kukoma kwa khoti lotseguka. Mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019 unkaulutsidwa pa wailesi, ndipo anthu m'misika, m'maminibasi ndi m'minda ankatsatira mafunso a maloya ngati mpira. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo chawo cha masamba pafupifupi 500 tsiku lathunthu, n'kuthetsa zotsatira za chisankhocho, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana nawo mu May chaka chomwecho. Ngakhale amene sanakondwe ndi chigamulocho anadzimvera okha umboni wake. Tikuganiza kuti ichi n'chimodzi mwa zinthu zimene zinathandiza kuti dziko lisayake moto.

Koma umenewu unali mlandu umodzi. Milandu ya masiku onse, ya minda, ya chuma chamasiye, ya munthu amene wakhala pa alimandi miyezi yambirimbiri chifukwa cha mbuzi, siimveka pa wailesi. Madandaulo akuti faelo yasowa, kapena kuti chigamulo chakhala zaka chisanatuluke, si achilendo m'makutu mwathu. Gawo 37 la Malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga ngati akuufuna poteteza maufulu ake. Lamulo lofotokoza mmene ufuluwu uziyendera linasainidwa mu 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, patatha zaka 26 chilembereni Malamulo aja. Zigamulo zambiri za makhoti athu akuluakulu zimapezeka mwaulere pa tsamba la intaneti la MalawiLII, ndipo pamenepa tinayamba bwino. Chigamulo komabe ndi mathero a ulendo. Chimene munthu wosauka amafunitsitsa kudziwa ndi pamene mlandu wake wafika lero, amene akusunga faelo yake, tsiku limene mlanduwo unaimitsidwa ndi amene anapempha kuti uimitsidwe.

Choncho tikupempha akuluakulu a nthambi ya zamalamulo kuti pamene akulowetsa ntchito za makhoti m'makompyuta, ayambe ndi kaundula wa milandu woonekera kwa aliyense, wosonyeza tsiku limene mlandu unalembetsedwa, woweruza amene akuumva, ndi nthawi imene yadutsa chigamulo chikudikiridwa. Kaundula wotere safuna kuulula chinsinsi cha munthu, koma amachotsa mdima umene katangale amakonda. Tikupemphanso aphungu athu kuti ndalama zoyendetsera ntchito imeneyi azipereke kudzera m'bajeti, kuti makhoti asadzakakamizike kugulitsa masamba monga zinachitikira ku America. Dziko lolemera lija linatenga zaka zisanu ndi zitatu m'khoti kuti likonze cholakwika chimenechi, ndipo malipirowo sanathe ndi mlanduwo.

Pali chinthu china chimene anzathu a ku America sakumana nacho kwambiri koma ife chimatipweteka, ndicho chinenero. Zolembedwa za m'makhoti athu zili m'Chingerezi, ndiponso Chingerezi chake cha maloya. Gogo wa kumudzi amene walandidwa munda atapatsidwa faelo yake yonse mwaulere, pa foni kapena papepala, akhoza kungoiyang'ana. Intaneti nayo sinafike kwa ambiri, ndipo kumene inafika mtengo wake ndi wokwera. Pa chifukwa ichi tikupempha kuti chigamulo chilichonse chokhudza malo, banja ndi chuma chamasiye chizikhala ndi chidule chake m'chinenero chimene eni mlandu amamva, ndipo chiziperekedwa kwa iwo popanda kulipira.

Kwa inu abale ndi alongo a m'maparishi, makamaka aphunzitsi, opuma pantchito za boma ndi achinyamata odziwa kugwiritsa ntchito mafoni, pempho lathu ndi ili: m'mphakati mwanu muli mabanja amene ali ndi m'bale kundende kapena mlandu kukhoti, ndipo ambiri sadziwa ngakhale nambala ya mlandu wawo. Aperekezeni ku ofesi ya kalaliki. Funsani mwaulemu nambala ya mlandu, tsiku limene udzamvedwenso ndi dzina la woweruza, ndipo zimene mwauzidwa muzilembe m'kope pamodzi ndi tsiku limene munapita. Mukalipira kalikonse, funsani lisiti ya boma. Mukauzidwa kuti faelo yasowa, pemphani kuti akulembereni zimenezo papepala, ndipo pepalalo mulifikitse ku komiti ya chilungamo ndi mtendere ya parishi yanu, kuti tikamakumana ndi akuluakulu a makhoti tizikhala ndi manambala a milandu ndi masiku ake m'manja.